Inu a maudindo, lekani kubuloka anthu okudzudzulani

Ndikulankhula ndi inu aphungu, makhansala, nduna ndi akuluakulu a makhonsolo, pamodzi ndi anyamata amene munawasiyira mafoni kuti azikuyendetserani masamba a mchezo. Mwayamba khalidwe loipa, ndipo mukulichita mopanda kuganiza. Munthu akangofunsa pansi pa uthenga wanu kuti mlatho munalonjeza uja uli kuti, kapena chifukwa chake kuchipatala kulibe mankhwala, inu mukufufuta ndemanga yake n'kumubuloka, kenaka n'kukagona ngati mwakonza zinthu. Mlathowo sunamangidwe, ndipo mwangowonjezerapo mlandu wina wotsekereza nzika pabwalo pamene munadziitanira nokha anthu.

Musanayankhe kuti tsambalo ndi lanu ndipo mungachite nalo zimene mukufuna, imvani zimene zinachitika ku America, kumene nkhani yomweyi inafika m'makhoti. Mu July 2017, anthu asanu ndi awiri amene Pulezidenti Donald Trump anawabuloka pa Twitter atamudzudzula anamusumira, mogwirizana ndi bungwe la Knight First Amendment Institute la pa yunivesite ya Columbia. Mbali ya Trump inanena zimene inunso mumanena, kuti akauntiyo anaitsegula yekha kalekale asanakhale pulezidenti. Koma anali kulengezerapo zinthu za boma, monga pamene anasankha Christopher Wray kukhala mkulu wa FBI, bungwe la boma lofufuza milandu. Mu May 2018, woweruza Naomi Reice Buchwald wa ku New York anagamula kuti malo amene anthu amayankhirapo mauthenga a pulezidenti asanduka bwalo la anthu onse, ndipo kuthamangitsapo munthu chifukwa cha maganizo ake n'kuphwanya malamulo aakulu a dzikolo. Khoti la apilo linagwirizana naye mu July 2019. Khoti lalikulu kwambiri linadzafafaniza chigamulocho mu April 2021, osati chifukwa chakuti linapeza kuti Trump sanalakwe, koma chifukwa anali atachoka kale pampando ndipo panalibenso choti n'kuweruza.

Mlandu umene ndikufuna kuti muusunge m'mutu si wa pulezidenti, koma wa munthu wa msinkhu wanu. James Freed anali woyang'anira ntchito za mzinda wa Port Huron ku Michigan kuyambira 2014. Tsamba lake la Facebook analitsegula ali pasukulu, ndipo ankaikapo zithunzi za mwana wake wamkazi, za mkazi wake, za galu wake ndi mavesi a m'Baibulo. Pa tsamba lomwelo ankalembanso za ntchito za mzinda n'kumayankha madandaulo a anthu. Mliri wa COVID-19 utabuka mu 2020, munthu wina wa mumzindamo, Kevin Lindke, anayamba kumudzudzula pa momwe akuluakulu ankayendetsera zinthu. Freed anafufuta ndemangazo, kenaka anamubuloka, ndipo kukanikiza batani kamodziko kunamuyendetsa m'makhoti mpaka kukafika ku khoti lalikulu kwambiri, limene linapereka chigamulo pa 15 March 2024.

Pa tsikulo oweruza onse asanu ndi anayi a khoti lalikulu kwambiri anagwirizana, ndipo chigamulo chinalembedwa ndi Amy Coney Barrett. Sanalande wa udindo ufulu wake. Ananena kuti nayenso ndi munthu, ndipo angathe kukhala ndi tsamba lakelake n'kusankha woti alowepo. Koma ngati ali ndi mphamvu zenizeni zolankhulira boma pa nkhani inayake, ndipo pa uthengawo akuonetsa kuti akugwiritsa ntchito mphamvuzo, ndiye kuti likulankhula ndi boma, ndipo boma silingatseke munthu pakamwa chifukwa chosakondwa ndi maganizo ake. Anachenjezanso za chinthu chimene ambiri a inu simuchiganizira n'komwe: kubuloka sikusankha. Mukabuloka munthu chifukwa wanyoza chithunzi cha ukwati wanu, mwamutsekeranso kunja kwa chilengezo cha kagawidwe ka chimanga chimene mudzaike mawa pa tsamba lomwelo. Wosakaniza za pakhomo ndi za ku ofesi pa tsamba limodzi wadzitchera yekha msampha, chifukwa khonde lake walisandutsa bwalo la milandu koma akufunabe kumapirikitsa anthu ngati ali pakhonde.

Musaganize kuti ndi matenda a chipani chimodzi. Alexandria Ocasio-Cortez, phungu wa chipani chotsutsana ndi cha Trump, nayenso anabuloka Dov Hikind, munthu amene ankamudzudzula pa Twitter, ndipo atasumiridwa anamutsegulira n'kupepesa poyera mu November 2019.

Zigamulo za ku America sizimanga makhoti athu, zimenezo n'zoona. Koma gawo 35 la malamulo aakulu a Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wofotokoza maganizo ake, gawo 37 limanena za ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, ndipo lamulo lothandizira ufulu umenewu linayamba kugwira ntchito mu 2020. Ngati tsamba lanu ndi limene anthu a m'dera lanu amamverapo za ntchito za chitukuko ndi za misonkhano ya khonsolo, mudzayankha chiyani tsiku limene mmodzi mwa amene munawabuloka adzapite kwa loya? Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pamene munkapempha mavoti kapena kulandira kalata ya udindo, nkhonyazo munazivomera.

Inunso odzudzula, musatengerepo mwayi. Kutukwana makolo a munthu, kumuopseza kapena kumunamizira sikufanana ndi kufunsa za mlatho, ndipo mukatero mumangowapatsa akuluakuluwa chifukwa chobisalirapo.

Koma mawu anga akulu ali kwa inu a maudindo. Ngati mukufuna malo oikapo zithunzi za ana ndi za kumunda, tsegulani tsamba lina, mulembepo momveka kuti ndi lanu, ndipo zilengezo za boma zisapondepo. Pa tsamba la ntchito, lembani malamulo oletsa kutukwana ndi kuopseza, ndipo akhudze wokuombera m'manja ndi wokudzudzulani mofanana. Mukatero muitane mnyamata wa foni uja, akuonetseni mndandanda wa anthu onse amene anawabuloka m'dzina lanu, ndipo pa dzina lililonse akuuzeni chimene munthuyo analemba.