Paramotor musayiyambe nokha chonde

Alembi nkhani mwalemba bwino koma pomwe mwati munthu atha kungogula paramotor (chipangizo choulukira cha phiko lansalu ndi injini ya pulopela yobereka kumsana) pa intaneti nkumadziphunzitsa yekha pa YouTube ndakana ndithu, pamenepo muvulazitsa anthu achimwene. Ine ndili kuno ku Joni, kuno sungangodzuka nkuuluka, pamafunika laisensi kudzera ku SAHPA, bungwe loyang'anira masewero oulukawa kuno, ndipo umayamba ndi mphunzitsi basi. Masiku oyamba injini sumaikhudza nkomwe, umangokhala pabwalo kudzutsa phiko lija ndi mphepo, kukoka zingwe mpaka liime pamwamba pamutu pako osagwera uku kapena uku, mapewa kuwawa thukuta kamukamu, koma luso lonse lagona pamenepa. Kenako ndiye amakuberekesa injini kumsana, makilo oposa 20 ukathira mafuta, nkumathamanga nayo moyang'ana komwe mphepo ikuchokera.

Chomwe nkhaniyi sinatchule nchakuti ambiri amavulalira pansi pomwe asananyamuke, munthu kuliza injini ili pansi, ikangolira mwamphamvu imamugwera ndipo pulopela imadula zala. Ilizeni mutaibereka kale. Komanso ongoyamba amauluka m'mamawa kwambiri kapena madzulo dzuwa litapendeka, masana mpweya wotentha umakwera mwamphamvu moti phiko limatha kupindika uli m'mwamba. Phiko logwiritsidwa kale ntchito musagule musanaliyezetse ngati nsalu yake sikudutsa mpweya, ndipo parachute yapadera yodzipulumutsira phiko likalephera isasowe pathupi. Amene muli kumudzi ku Malawi kafunseni kaye a Civil Aviation, oona za ndege, za malamulo musanaitanitse katundu, ndalama zake si zamasewera.