Pitani ku Chongoni kaye

Mwalemba kuti maphunziro a mbiri ya zojambulajambula sapezetsa ntchito. Ine ndikutsutsako. Pitani ku Chongoni ku Dedza, komwe kuli malo 127 a zojambula za pamiyala omwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, idawaika m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zija, mizere ndi zozungulira, n'za Akafula. Zoyera, zopaka ndi dothi, n'za Achewa, za chinamwali ndi Nyau. Ndidakafikako ndekha, pena anthu alembapo mayina awo ndi makala pamwamba pa chojambula chenicheni. Mtima udandiwawa. Nanga odziwa kusiyanitsa zimenezi n'kuzisamala adzachokera kuti, poti ku yunivesite tonse tikukankhira ana ku zamalamulo? Ku Mua, Bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe, mu 1976, ndipo osema ziboliboli akudyerapo mpaka lero.