Chibwibwi changa sindichibisanso

Munthu wachibwibwi asamadikire kuti lilime liwongoke kaye ndiye adzayambe kuyankhula pagulu. Ayankhule lero lomwe, ndi chibwibwi chakecho. Awa ndi maganizo anga, ndipo ndikuwanena monga mwini wake wa vutoli.

Chotopetsa kwambiri ndi ntchito yobisa. Liwu lovuta umaliona likubwera patali, n'kulisintha msangamsanga ndi lina losafika pa zimene umafuna kunena. Foni ikalira umangoiyang'ana mpaka iduke, kenako n'kulemba uthenga. Pamsonkhano yankho uli nalo, koma dzanja osakweza. Ndiye pali dzina lako. Limeneli sungalisinthe ndi lina, n'chifukwa chake ambirife timakakamira pomwepo: milomo yagwirana, mpweya waima pakhosi, wofunsayo wayamba kuyang'ana pansi. Ukazemba chonchi kwa zaka, anthu amakudziwa ngati munthu wachete, wopanda chonena. Zimenezi zimandipweteka kuposa kusekedwa, chifukwa munthu ameneyo si ine.

Chibwibwi si mantha kapena kuperewera nzeru. Gwero lake lili m'mene ubongo umayendetsera kayankhulidwe, ndipo nthawi zambiri ndi chakumtundu. Mwa akuluakulu 100 aliwonse, pafupifupi mmodzi ali nacho, ndipo amuna ndiwo amachuluka. Ana ambiri chimawathera akamakula, enafe chinatikhalira.

Mfumu George VI ya ku Britain inali nacho, komabe pa 3 Sepitembala 1939 inayankhula pawailesi kuuza anthu ake za nkhondo yolimbana ndi Germany. Katswiri wa kayankhulidwe Lionel Logue ndi amene ankaithandiza. Joe Biden, amene anali mtsogoleri wa dziko la America, nayenso sabisa kuti anavutika nacho ali mwana. Thandizo lotere ndi labwino, amene angalipeze alilandire. Chimene ndikukana ine ndi manyazi, komanso kuganiza kuti tiyenera kuchita zazikulu kaye kuti anthu atimvetsere.

Masiku ano ndikakumana ndi munthu koyamba ndimamuuziratu: "Ndili ndi chibwibwi, mundipatse nthawi." Mawu amakakamirabe, koma mtima sugunda ngati kale.

Inu otimvera, chonde musamatimalizire mawu. Ndikudziwa kuti mumachita mwachifundo, koma kawirikawiri mumamaliza ndi liwu lanu, osati langa. Zoti "fatsa" kapena "puma kaye" tinazimva kalekale, sizimasula lilime. Ingotiyang'anani kumaso, mudikire, ndipo tikamaliza muyankhe zimene tanenazo.