Njinga pakati pa malole a ku City Deep

Ndatopa nawo malole onyamula makontena amene adzaza misewu ya ku City Deep, dera la mumzinda wa Johannesburg ku South Africa komwe amatsitsira ndi kukwezera makontena. Ambiri mwa ife okhala ku Rosettenville ndi ku Turffontein timapalasa njinga popita kuntchito kuti ndalama ya minibasi igule ufa, koma m'mawa uliwonse munthu amachoka pakhomo ngati akutsanzika komaliza. Lole ina yaima m'mphepete mwa Heidelberg Road, dalaivala ali mtulo. Ina ikukhota mothina, matayala akumbuyo akulunjika pamene mwaima. Inanso ikukufukizirani utsi wa dizilo kumaso, kenako n'kukulizirani hutala, poti wolakwa ndinu amene mwabwera ndi kanjinga pamsewu wa eni ake. Maenje amene matayalawa akumba amadzaza madzi mvula ikagwa, ndipo kuya kwake mumakudziwa masipoko atathyoka kale.

Kodi wapanjinga alowere kuti? Pa msewu waukulu wa M2 malamulo salola njinga. Auluke?

Ku Netherlands ndi ku Germany katundu wambiri wotere amayenda pa zombo m'ngalande zikuluzikulu, apanjinga n'kumadutsa m'mbali mwake mtima uli m'malo, mwinanso akubayibitsa oyendetsa zombozo. Nanga ife? Mzinda uno unayamba mu 1886 chifukwa cha golide, pachitunda chopanda mtsinje woti chombo n'kuyendamo, choncho makontena ochokera kudoko la Durban amakwera mtunda wonsewo pa msewu wa N3. Njanji ilipo, inde, koma katundu wochuluka amabwerabe pamsewu, kudzapikisana ndi munthu wonyamula kabokosi ka nsima pakaliyala.

Ngalande yokhayo imene apanjinga tapatsidwa kuno ndi ija yodzaza zinyalala m'mbali mwa msewu, ndipo nayonso malole ayamba kuimikamo matayala.