Anyamata onyamula zitsulo, mukudzibaya chiyani?

Inu anyamata a pa Ntcheu boma mpaka ku Lizulu, khalani pansi mumve.

Loweruka ndikusankha kachewere pa msika, ndinakumana ndi mwana wa mlamu wanga. Mapewa ngati ng'ombe yapangolo, nkhope ziphuphu zokhazokha. Pomufunsa kuti akudya chiyani, anasolola kabotolo m'thumba, akuti testosterone, homoni yachimuna, mnzake wabwera nako ku Joni. Amabayana okha kuseri kwa nyumba komwe amanyamulirako zitsulo, mwinanso singano yake imodzi. "Madala, izi n'zowonjezera mphamvu zachimuna." Mphamvu zake ziti, mwana iwe?

Thupi lili ndi dongosolo lake. Mu ubongo muli malo otchedwa hypothalamus, amene amatuma kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nandolo, dzina lake pituitary. Kachiwaloka kamatulutsa mahomoni awiri, LH ndi FSH, omwe amatsika ndi magazi kukalamula machende, pepani lero sindibisa mawu, kuti apange testosterone ndi mbewu zoberekera. Tsono ubongo umakhala ukulawa magazi monga amalawira ndiwo amayi anu. Testosterone akachuluka umati mchere wakwana, basi, n'kuleka kutuma.

Apa ndi pomwe mukudzipwetekera. Ubongo sudziwa kuti uyu ndi wa m'botolo, uyu ndi wako. Umangoona kuti wadzaza, LH ndi FSH n'kuzima. Machende akasowa owatuma amafota, mbewu zimachepa, kwa ena mpaka kutheratu. Testosterone wotsalayo thupi limamusandutsa estrogen, homoni yachikazi, ndiye mwamuna wandevu n'kuyamba kutupa mawere. Mwavula malaya kuti tione minofu, ife tikuona zina.

Kodi mukudziwa kuti jakisoni wolera wa miyezi 3 amene amabayitsa alongo anu amadzera njira yomweyi? Amatontholetsa ubongo kuti usalamule dzira kutuluka. Koma iwo amapita okha akudziwa, mlingo wake ndi woyezedwa, tsiku lobwerera n'lolembedwa m'buku la kuchipatala. Inu mukudzibaya kulera mosadziwa, n'kumayenda chothimbwidzika pa msewu wa M1.

Musadzinamize kuti mukasiya lero mawa zibwerera. Mbewu kuti ikhwime pamafunika masiku oposa 60, ndipo ubongo womwe unagonekedwa umatenga miyezi kuti udzuke, ena chaka chimapitirira. Nthawi yonseyo thupi lili lefu, kuchipinda kuli zii.

Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Banja likatha zaka ziwiri popanda mwana, chala chimaloza mkazi. Apongozi amamunyodola pa mtondo, ankhoswe amaitanidwa, mwana wa eni amamwetsedwa mizu yowawa kwa asing'anga, mwamunayo ali phee, kabotolo kali pansi pa matiresi.

Wa mlamu wanga uja ndinamulanda kabotoloko, kali m'thumba la jekete yanga. Lolemba ndikupita naye ndekha kuchipatala akamuone adokotala, ndipo bambo ake ndiwauza mawa tikaweruka kutchalitchi.