Ukasewera bwino mfiti, ndiwe mfiti basi

Dzulo ndimaonera filimu ya ku Nigeria ndi azakhali anga, zomasulira m'Chichewa zija. Patience Ozokwor atangotulukira pakhomo, asanatsegule n'komwe pakamwa, azakhali anawomba m'manja: "Basi, kamtsikanaka katha. Mayi uyu ndi mfiti." Ndinati mwinatu ulendo uno asewera munthu wabwino. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

Timakonda kuloza chala opanga mafilimu kuti ndi amene amamangirira munthu pa mbali imodzi, koma ine ndikuona kuti chingwecho chili m'manja mwathu oonerafe. Kanayo O. Kanayo anatchuka ndi mbali za anthu okhwimira chuma kuyambira mu 1992. Bamboyu anabwerera kusukulu mpaka kukhala loya mu 2020, koma akangoika chithunzi pa intaneti, anthu amathamangira kumuseka za nsembe.

Kwathu kuno nanga? Michael Usi atalumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024, m'minibasi nkhani inali yakuti Manganya walowa m'boma. Zaka zonse anagwira ku bungwe lothandiza anthu la ADRA, udokotala wa maphunziro ali nawo, zonsezo zinabisala kuseri kwa Tikuferanji. Eric Mabedi atatisiya mu 2021, uthenga umene unafalikira unali wakuti Jakobo wamwalira. Ndi chikondi, sindikukana. Koma ndi chikondi chomwe chimameza dzina limene makolo ako anakupatsa.

Ndikulankhula ngati munthu amene zinandionekerapo, ngakhale pa kabwalo kakang'ono. M'gulu la zisudzo la achinyamata kutchalitchi kwathu ndinasewerako chidakwa kamodzi: jekete long'ambika pakhwapa, botolo la madzi m'thumba, miyendo ikukana kumvana. Anthu anaseka mpaka misozi, ine mtima kuti myaa. Sewero lotsatira, chidakwa. La Khirisimasi, m'busa wa nkhosa woledzera, zomwe ngakhale m'Baibulo mulibe. Patatha zaka zitatu ndinapempha kuti ndisewereko abusa. Wotitsogolera anandikokera pambali: "Achimwene, musandimve molakwa, koma inu mukangoima paguwa anthu ayamba kuseka musanatsegule Baibulo."

Sankanama, n'chifukwa chake zinandiwawa. Ndipotu ine sindinkadyera pamenepo. Amene zisudzo ndiye khasu lake akanize bwanji mbali imene ikugula ufa ndi kulipira lendi? Amaseka nafe, amatenga ndalama yake, koma ndikukhulupirira kuti ambiri mumtima ali ndi mbali ina imene amailakalaka ndipo palibe adzawapatse.

Zisudzo ndinasiya kalekale, mowa sindinaulawepo chibadwire. Koma Lamlungu lapitali mayi wina wachikulire anandigwira dzanja potuluka m'tchalitchi n'kundinong'oneza kuti, "Mwanawe, tikukupemphererabe kuti usiyiretu."