Mapepala a mayeso akungosochera pa WhatsApp

Dzulo mwana wa achemwali anga, amene ali 12ª classe ku Ulónguè, anandipempha kuti ndimufunire mayeso akale a Química. Ndinasakasaka m'magulu atatu a WhatsApp. Kwina ndinapeza chithunzi chopendekeka, mzere wapansi wodukidwa. Kwina pepala linalipo koma mayankho awiri olakwika, ndipo anthu akhala akutumizirana chomwecho osadziwa. Mamega a Movitel anathera pomwepo.

Achinyamata ena a ku Tete amene amadziwa za makompyuta akuti tipange tsamba limodzi la pa intaneti, la open source, loti aliyense aziikapo zophunzirira ndipo aliyense wodziwa azitha kulikonza. Ine ndikugwirizana nazo, koma anyamata inu, musayambe ndi kulemba code. Zida zilipo kale. Moodle, pulogalamu yaulere yoikapo maphunziro pa intaneti, yakhalapo kuyambira 2002. Pulogalamu ina, Kolibri, ya bungwe la Learning Equality, imagwira ntchito popanda intaneti: mumaika pa kompyuta imodzi pasukulu, mafoni n'kumakoka zinthu kuchokera pamenepo. Ku Tsangano kapena ku Furancungo, kumene netiweki imabwera ngati mlendo wosapanganika, chimenechi ndiye chofunika. Magetsi omwe tisanene, ngakhale damu la magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi.

Ntchito yeniyeni ndi yosankha. Ndani adzanene kuti pepala ili n'lolondola, ili ayi? Ndikufuna pansi pa chilichonse pazilembedwa kuti ndi cha kalasi yanji, chaka chiti, ndipo anachiona ndi mphunzitsi wa phunziro limenelo. Aphunzitsi opuma pantchito tili nawo ambiri m'midzimu, akungolima mbatata ya kachewere. Apatseni ntchito imeneyi ndi kangachepe ka pa e-Mola, muone.

Ndiye pali nkhani ya chilankhulo. Maphunziro a zilankhulo ziwiri, Chinyanja ndi Chipwitikizi, anayesedwa kuno ku Tete kuyambira 1993, pa pulojekiti ya PEBIMO, koma mpaka lero mphunzitsi wa 1ª classe amasowa tinkhani toti ana awerenge. Ena amaoloka pa Calómuè kukagula mabuku ku Dedza. Chilankhulo n'chimodzi inde, koma ndalama za m'masamu ndi kwacha osati metical, nkhani zake za ku Malawi, ndipo kalembedwe kamasiyana: iwo amalemba "ch" pamene mabuku athu amalemba "c". Mwana wazaka zisanu ndi chimodzi amasokonezeka. Tsamba lathu likhale ndi nthano zojambulidwa kwa agogo athu, nyimbo za Angoni, ndi zolemba za ulimi kuchokera kwa ophunzira a yunivesite ya UniZambeze pa Ulónguè pomwepa, wolemba aliyense atavomera kuti anthu azikopera mwaulere.

Ine ndili ndi mapepala a Matemática a zaka zinayi m'katoni pansi pa bedi. Amene ali ndi makina a sikana andiuze, Loweruka ndibwera nawo.